Agogo akalandira ndalama ya kampeni, mdzukulu anene chiyani?



Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinapita, nsalu za zipani zayamba kusuluka, ndipo ena angadabwe kuti tikulemberanji za mavoti pamene kulibe kampeni. Tasankha dala nthawi ino. Nkhani ya kugula mavoti simveka bwino galimoto za zimkuzamawu zikamazungulira, chifukwa aliyense wotsegula pakamwa amafunsidwa kuti watumidwa ndi chipani chiti. Pano mitima yazizira. Komanso ambiri mwa ophunzira athu a Fomu 1 ndi Fomu 2 adzakhala atakwanitsa zaka 18 pofika chisankho cha 2030, ndipo chisankho chapadera cha phungu kapena khansala chikhoza kutigwera chaka chilichonse.

Funso lathu ndi la pakhomo. Agogo, amalume kapena azakhali abwera kuchokera ku msonkhano atamanga K5,000 pansonga ya chitenje, kapena atanyamula shuga ndi sopo, ndipo akunena mosabisa kuti ameneyu ndiye watikumbukira, voti yanga ndi yake. Mwana wa sukulu amene waphunzira za ufulu ndi udindo wa nzika akudziwa kuti pali cholakwika. Koma olankhulawo ndi amene anamulera, mwinanso ndi amene anagulitsa nyemba kapena mbuzi kuti fizi yake ilipidwe. Akhale chete? Awadzudzule? Ife tikuona kuti akhoza kulankhula popanda kuphwanya ulemu, koma pali zinthu zimene ayenera kuzidziwa molondola asanayambe.

Zimene lamulo limanena

Dziko lathu lili ndi lamulo loyendetsera zipani, Political Parties Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2018. Lamuloli limaletsa chipani kapena aliyense wopikisana nawo pa chisankho kugawa ndalama, katundu kapena mphatso pofuna kukopa munthu kuti amuvotere. Chilango chake ndi chindapusa cha K10 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Si zonse zoperekedwa pa kampeni zimene zili zoletsedwa. Nsalu ndi malaya a chipani, zithunzi ndi timapepala, chakudya ndi thiransipoti ya opita ku msonkhano wa chipani, zonsezi lamulo linazipatula. Linapatulanso zopereka za chipembedzo zosalengezedwa, ndipo mfundo imeneyi tiibwereranso kumapeto chifukwa ikutikhudza ife a mzikiti. Kuwonjezera apo, malamulo a zisankho amaletsa kugula kapena kugulitsa chiphaso chovotera.

Papepala zili bwino. Koma panapita zaka lamuloli lilibe mkulu wake wapadera woliyang'anira, mpaka mu 2024 pamene a Kizito Tenthani anasankhidwa kukhala mlembi wa zipani. Ofesi yawo ili ku Lilongwe, pamene envelopu imaperekedwa usiku kuseri kwa nkhokwe, wopereka ndi wolandira onse osafuna mboni. Mpata wa thiransipoti nawonso ndi waukulu, poti munthu amene wayenda wapansi mphindi 10 amapatsidwa ndalama yobwezera ulendo umene sanakwere kanthu. Kumalo otero wapolisi safikako. Amene amafikako ndi mwana wa m'nyumba momwemo.

Chimene chimawamanga akuluakulu

Ophunzira ena amafulumira kunena kuti okalamba amagulitsa voti chifukwa cha umbuli. Ife sitikuvomereza, ndipo mwana amene ayamba ndi maganizo amenewa sapita patali.

Umphawi ulipo, n'zoona. Kale chisankho chinkachitika mu Meyi, chimanga chitacha. Tsopano chimabwera mu Sepitembala, nkhokwe itayamba kutsika, fizi ya teremu yoyamba ikufunika, mtima uli pa feteleza wa dzinja likubweralo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula mchere ndi mafuta ophikira anamva ululu wake. Munthu wotere ukamuuza za chitukuko cha zaka 5, amakuyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Amenewo ndi masamu a munthu amene analonjezedwa zambiri n'kuona zochepa.

Koma umphawi umangofotokoza chifukwa chimene munthu amalandirira. Sufotokoza chifukwa chimene, atalowa yekha m'kachipinda kovotera, amachongeradi amene anamupatsa uja. Pamenepo pali zingwe zina ziwiri.

Chingwe chimodzi ndi ulemu. Tinaleredwa ndi mawu oti kupatsa n'kuika. Amene anakuthandiza pa maliro sumuiwala, amene anakubwereka ng'ombe zolimira umamuyankha akakuitana. Midzi yathu yakhala ikuyenda chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo wogula mavoti amalidziwa bwino. Sanena kuti ndikugula voti yanu. Amati, amayi, kagulireni sopo, musandiiwale. Agogo akamati ndadya zake, ndimukana bwanji, akulankhula ngati munthu wokhulupirika amene safuna kutchedwa wosayamika. Choncho mdzukulu adziwe kuti sakulimbana ndi dyera la agogo ake. Akulimbana ndi munthu wochenjera amene wabwereka khalidwe lawo labwino kuti alikwere.

Chingwe china ndi mantha, ndipo apa achinyamata ayenera kuphunzira mbiri asanaseke. Amene lero ali ndi zaka 60 kapena 70 anakulira mu ulamuliro wa chipani chimodzi, umene unakhazikitsidwa mwalamulo mu 1966 n'kutha mu 1993. Masiku amenewo khadi la chipani linkafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi. Mphatso zinkachoka kwa anthu kupita kwa mtsogoleri. Mawu olankhulidwa pachitsime ankatha kukafika ku boma, wolankhulayo n'kusowa. Munthu amene anakulira mmenemo sakhulupirira msanga kuti pali chinthu chimene bwana sangachidziwe. Wina akalemba dzina lake m'kope, kapena kukopera nambala ya chiphaso chake cha unzika, n'kumuuza kuti kompyuta idzaonetsa amene wamuvotera, amakhulupirira.

Chosangalatsa n'chakuti chinsinsi cha voti anachimenyera nkhondo ndi m'badwo womwewu. Pokonzekera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, boma linkafuna kuti pakhale mabokosi awiri, lina la tambala wakuda la ofuna chipani chimodzi, lina la nyali la ofuna zipani zambiri. Ofuna kusintha anakana, poona kuti zikanakhala zosavuta kudziwa mbali imene munthu wasankha, mpaka anagwirizana za bokosi limodzi. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ndipo kuno kumpoto anali ochuluka kuposa pamenepo. Ndiye m'malo moyamba ndi kuphunzitsa, mdzukulu akhoza kungofunsa kuti, agogo, mu 1993 munavota nawo? Simunaope? Akuluakulu ambiri amaikonda nkhani imeneyi, ndipo akamaifotokoza amadzikumbutsa okha kuti anakanizapo kale anthu amphamvu kuposa munthu wa envelopu.

Kodi angadziwedi?

Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wovota mwachinsinsi. Koma kwa agogo, kutchula gawo la lamulo sikukwanira. Afotokozereni mmene zimayendera. Makina kapena buku la mayina limene limakhala pakhomo ntchito yake ndi kutsimikiza kuti munalembetsa ndipo simunavote kale. Limaonetsa kuti mwabwera, silionetsa amene mwasankha. Pepala lovotera lili ndi mayina, nkhope ndi zizindikiro za opikisana, koma dzina lanu palibe. Mumachonga muli nokha, mumapinda nokha, mumaponya m'bokosi limene muli mapepala a anthu mazanamazana. Inki ya pachala ndi yoletsa kuvota kawiri basi. Madzulo mabokosi amatsegulidwa pamalo pomwepo, mavoti n'kuwerengedwa ndi manja pamaso pa mamonita a zipani zonse. Amene anakopera nambala ya chiphaso chanu ali ndi nambala, alibe njira yoiphatikiza ndi pepala limene munapinda. Ichi n'chifukwa chake ena amauza anthu kuti ajambule pepala lawo pafoni. Akanakhala ndi njira yodziwira, sakanavutika kupempha chithunzi.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuwabisira, chifukwa akadzachitulukira okha adzasiya kutikhulupirira. Zotsatira zimalengezedwa malo ndi malo, kotero wopikisana akhoza kudziwa kuti pasukulu yakutiyakuti anapeza mavoti angati. Sadziwa munthu, koma amadziwa dera. Apa m'pamene pamachokera chiopsezo chija choti mudzi uno ukandikana sudzaona mjigo. Yankho lake ndi loti mjigo, mlatho ndi mankhwala sizichokera m'thumba la phungu. Zimachokera ku misonkho imene tonse timalipira tikamagula mayunitsi, malata, simenti kapena mafuta a njinga yamoto, ndiponso ku ngongole zimene dziko limatenga m'dzina lathu. Munthu woopseza kuti adzakumanani zanu zomwe wadziulula yekha mtundu wa mtsogoleri amene adzakhale.

Mbiri yathu ikuonetsanso kuti wokhala ndi zambiri zogawa sakhala mwini wa mavoti. Atsogoleri anayi agonjapo ali pampando: Kamuzu Banda mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, ndi Lazarus Chakwera mu 2025. Aliyense panthawi yake anali ndi mphamvu zonse za boma. Aphungu nawo, pa zisankho zambiri, oposa theka sabwerera ku Nyumba ya Malamulo. Amalawi mamiliyoni akhala akuvota mmene mtima wawo wafunira, ndipo mmawa mwake anadzuka m'nyumba zawo bwinobwino.

Masamu a envelopu

Ophunzira athu amadziwa kugawa, ndiye agwiritse ntchito. Zaka 5 ndi masiku oposa 1,800. K5,000 ukaigawa pa masiku amenewa siikwana K3 patsiku. Ngakhale itakhala K20,000, ndi K11 patsiku, yosagula ngakhale bokosi la machesi. Mbali inayi, thumba la chitukuko cha m'dera, lija timaliti CDF, linafika pa K200 miliyoni pachaka pa dera lililonse la phungu mu bajeti ya 2024/25. Pa zaka 5 imeneyo ndi K1 biliyoni, ndipo ndi thumba limodzi chabe mwa ndalama zimene zimadutsa ku khonsolo. Amene wawononga mamiliyoni kugawa pa kampeni ndi wamalonda, ndipo wamalonda aliyense amafuna mpamba wake ubwerere ndi phindu. Funso loti agogo alilingalire ndi loti adzaubweza kuchokera kuti.

Ife a ku Chitipa tili ndi chitsanzo chimene akuluakulu amachidziwa kuposa ana. Msewu wa Karonga kufika ku Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, unali nyimbo ya kampeni kwa zaka zambiri usanamangidwe ndi thandizo la dziko la China cha m'ma 2012. Afunseni agogo mmene ulendo wa ku Karonga unkakhalira nthawi ya dzinja phula lisanabwere, odwala ankayenda bwanji, ndipo khofi wa ku Misuku, nyemba ndi chimanga zinkatuluka bwanji. Kenako afunseni ngati akukumbukira chimene anagula ndi ndalama ya kampeni ya 2009 kapena 2014. Msewu uja umathandiza amene anavotera boma ndi amene sanalivotere, Msilamu ndi Mkhristu, chaka ndi chaka.  Zinthu za mtundu umenewu ndi zimene voti imayenera kufunsa.

Mmene Chisilamu chimaionera nkhaniyi

Maulama ambiri amafotokoza voti ngati umboni. Mufti Muhammad Shafi wa ku Pakistan ndi mmodzi mwa amene analemba motero: ukachonga dzina la munthu, ukuikira umboni kuti ameneyu ndi woyenera kusenza amana ya anthu. Tonse tikudziwa kulemera kwa umboni wabodza m'chipembedzo chathu, ndipo Surat An-Nisa imatilamula kuimirira pa chilungamo ngakhale umboniwo ukhudze ife eni, makolo athu kapena abale. Umboni wogulidwa ndi shuga ndi wabodza, ngakhale shugayo atsekemere bwanji. Za chiphuphu, Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anadzudzula mwamphamvu wopereka ndi wolandira yemwe.

Ena amati, koma iyi ndi mphatso, ndipo Chisilamu chimalimbikitsa kupatsana mphatso. Pali nkhani m'mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim imene imatithandiza. Mtumiki anatuma munthu wotchedwa Ibn al-Lutbiyya kukatolera zakaat. Pobwera, munthuyo anapatula katundu wina n'kunena kuti ameneyo anapatsidwa iye ngati mphatso. Mtumiki sanavomereze, ndipo muyeso umene anapereka unali woti munthuyo alingalire ngati mphatsozo zikanamupeza akanakhala kuti wangokhala kunyumba kwa makolo ake, wopanda udindo. Muyeso womwewo ukugwira ntchito pano. Shuga uyu akanabwera kukanakhala kuti kulibe chisankho? Munthu ameneyu anafikapo pakhomo pano mu Janyuwale, njala itavuta, chaka chopanda kampeni? Funso limeneli agogo amaliyankha okha, ndipo nthawi zambiri amayamba ndi kuseka.

Tsono pali malangizo amene amamveka kwambiri nthawi ya kampeni, ngakhale kuchokera kwa anthu a zolinga zabwino: idyani ndalamayo, koma mukavotere amene mukumufuna. Tikumvetsa chifukwa chake, ndipo n'zoona kuti kutero kuli bwino kusiyana ndi kugulitsa voti yeniyeniyo. Koma ife pasukulu ino sitiphunzitsa zimenezi. Wolandira nthawi zambiri amalonjeza, pena mpaka kulumbira, ndiye kuti wawonjeza bodza pamwamba pa chiphuphu. Komanso malinga ngati manja akutambasulidwa, msika sutha. Munthu wanzeru ndi wokhulupirika koma wopanda chuma, mwina mphunzitsi wopuma kapena mlimi wa pakati pathu, amaopa kuima nawo chifukwa akudziwa kuti pa msonkhano uliwonse adzafunsidwa kuti watibweretsera chiyani. Potero timatsala ndi olemera okhaokha, kenako n'kumadandaula kuti atsogoleri onse ndi amodzi.

Nanga agogo amene alandira kale, shuga anamwera tiyi kalekale? Apa mdzukulu asawaumirize manyazi. Chofunika n'kuwamasula. Voti sinali katundu wawo woti angagulitse, ndi amana, choncho palibe ngongole imene ayenera kubweza m'kachipinda muja. Lonjezo lochita chinthu cholakwika silimanga Msilamu. Ngati analumbira m'dzina la Allah, apite kwa shehe akawafotokozere za kaffara, dipo la lumbiro, m'malo mowonjeza cholakwa china pofuna kusunga lumbirolo.

Kalankhulidwe kake

Zonsezi mwana akhoza kuzidziwa n'kulepherabe, ngati walankhula ngati mphunzitsi pamaso pa kalasi. Chipembedzo chathu sichilola kukalipira makolo. Surat Luqman imatiphunzitsa kuti ngakhale pamene sitingawamvere pa chinthu cholakwika, tikhalebe nawo mwaubwino. Mu Surat Maryam timaona Mneneri Ibrahim, mtendere ukhale pa iye, akutsutsana ndi bambo ake pa nkhani yaikulu kuposa ndale zonse, koma akuwaitana mwachikondi, akupereka zifukwa, ndipo ataopsezedwa akuyankha ndi mtendere. Ngati iye anatero pa nkhani ya chikhulupiriro, mwana wa Fomu 3 alibe chifukwa chokwezera mawu pa nkhani ya khansala.

Malo ndi nthawi n'zofunika. Munthu wamkulu sawongoledwa pagulu, kapena pamaso pa apongozi ndi alendo. Nkhani zotere zimayenda bwino mukutong'ola chimanga awiriwiri, pobwera kumunda, kapena madzulo mutatha kuswali Isha. Funso limalowa kumene chidzudzulo sichilowa. Amalume, phungu amene tinamusankha uja analonjeza chiyani, ndipo chachitika ndi chiti? Azakhali, mukadwala usiku, mwa anthu awa ndani amene mukuona kuti angamenyere nkhondo ambulansi? Mukafunsa, dikirani yankho, ndipo muzimvetsera zenizeni. Akuluakulu amadziwa mbiri ya opikisanawa, makolo awo, mmene anachitira atapatsidwa udindo pa komiti ya sukulu kapena ya mjigo. Zimenezo pa WhatsApp simungazipeze.

Mphamvu yaikulu ya wophunzira wa kuno ndi chilankhulo. Mauthenga a bungwe la MEC ndi mfundo za zipani zimabwera m'Chingerezi, m'Chichewa, pena m'Chitumbuka, pamene agogo ambiri amaganiza ndi kulota m'Chilambya, Chindali, Chisukwa kapena Chinyiha. Mwana amene angawerenge zimene wopikisana walonjeza n'kuzimasulira mokhulupirika, osawonjeza mchere, wagwira ntchito yaikulu. Foni nayonso nthawi zambiri ili m'manja mwa mdzukulu. Uthenga wa mawu ukabwera woti wakutiwakuti wasiya mpikisano, kapena kuti tsiku lovota lasintha, kapena kuti wotaya chiphaso chovotera sadzavota, ndi iye amene angafufuze ku wailesi, ku ofesi ya NICE ku boma, kapena kwa ogwira ntchito a MEC asanaufalitse. Pa nkhani ya chiphasoyi, MEC yakhala ikunena kuti amene dzina lake lili m'kaundula amaloledwa kuvota ngakhale kapepala kataika. Choncho wolanda ziphaso amadalira kuti mwini wake sakudziwa zimenezi ndipo adzangokhala kunyumba.

Tichenjezenso achinyamata pa zinthu ziwiri. Ogula mavoti sayang'ana okalamba okha. Anyamata ndi amene amapatsidwa ndalama kuti akwere malole, akaimbe nyimbo zonyoza, pena akagende anzawo, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amatumidwa kulemba mayina ndi kugawa maenvelopu. Mnyamata amene dzulo anavala malaya a chipani atalipidwa, lero sangauze agogo ake kanthu. Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Kuthandiza agogo kuvota mwanzeru sikutanthauza kuwachititsa kuti avotere amene inu mukumufuna. Lamulo limalola munthu wosaona kapena wolumala kulowa ndi womuthandiza amene wamusankha yekha, yemwenso ndi wolembetsa kuvota. Ngati mwasankhidwa inu, dzanja ndi lanu koma voti ndi yawo. Akatchula dzina limene simukulikonda, muchonge lomwelo, ndipo mukatuluka musauze munthu. Mdzukulu wochonga zofuna zake waba voti ya agogo ake, ndipo sasiyana ndi wa envelopu uja, kungoti iye sanalipire n'komwe.

Kwa makolo ndi a komiti

Makolo, mwana akakufunsani mafunso amenewa si mwano. Ndi zimene munamutumizira kusukulu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi linali la ana osakwana zaka 18. Ngongole zimene atsogoleri akutenga lero adzabweza ndi iwowa, choncho ali ndi chifukwa chofunsira.

Tinalonjeza kubwerera ku zopereka za chipembedzo. Ana amaona zimene akuluakulu akuchita. N'kovuta kuuza agogo kuti akane K5,000 pamene mzikiti walandira malata kapena makapeti mwezi wa kampeni, woperekayo n'kupatsidwa mpata wolankhula pambuyo pa swala ya Ijumaa, zithunzi n'kuikidwa pa Facebook. Asilamu kuno ndife ochepa, zosowa zathu ndi zambiri, ndipo yesero loti tipereke mavoti athu onse pamodzi kwa amene watimangira chinachake ndi lalikulu. Koma lamulo la dziko ndi chiphunzitso chathu zikugwirizana pa mfundo imeneyi modabwitsa. Lamulo limalola chopereka chosalengezedwa, ndipo Chisilamu chimayamikira sadaka yobisika n'kuchenjeza za riya, kuchita zabwino pofuna kuonedwa. Wandale amene akufunadi malipiro kwa Allah savutika kupereka mwakachetechete, kapena kudikira chisankho chidutse. Akaumirira kamera, tadziwa chimene akugula.

Ifenso ovota tili ndi mbali yathu. Tikamayeza phungu ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi fizi imene walipirira ana athu, tikumuphunzitsa kuti ntchito yake ndi kugawa. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndi kulondoloza bajeti, ndi kutiyankhulira. Ya khansala ndi kutengera zofuna za wodi yake ku khonsolo ndi kuyang'anira chitukuko. Pa zimenezi timayenda limodzi ndi anansi athu a ku mishoni ya Katolika kuno ku Kaseye ndi a mipingo ina, poti mzere wa kuchipatala ndi matope a mumsewu sizifunsa chipembedzo. Ngakhale m'dziko lonse, bungwe la PAC, limene linayamba mu 1992, limakhazika pamodzi mipingo ya Chikhristu, Muslim Association of Malawi ndi Quadria Muslim Association of Malawi pa nkhani zoterezi.

Pempho lathu ku komiti ndi loti igwirizane mfundo yake panopa, kulibe wopikisana amene wagogoda: chopereka cha wandale chizilandiridwa motani, chizilembedwa m'buku liti, ndipo ndani angalankhule mumzikiti nthawi ya kampeni. Mfundo yogwirizana lero idzateteza shehe ndi wapampando tsiku limene galimoto idzaime panja ndi malata pamwamba. Ophunzira amene akwanitsa zaka 16 akalembetse chiphaso cha unzika ku NRB osadikira chaka cha chisankho, popeza kalembera wa voti amafuna chiphaso chimenechi. Popita kumeneko, aonenso ziphaso za agogo awo ngati mayina ndi zaka zinalembedwa molondola, ndiponso ngati zili m'nyumba, osati m'thumba la munthu wina amene anazitenga polonjeza ngongole kapena feteleza.